Mafuta a Apongozi mu Bomba ya Oliyo

Ukamwini ndi wovuta kale, koma kunyoza apongozi uli chagada pansi pa galimoto ndi mlandu wina. Ine ndinaupalamula dzuwa likuswa mtengo.

Galimoto yanga ndi yakale, moti nkhalamba za ku Mualadzi zimaipatsa moni wogwada (sindikuwonjezera). Tsikulo ndinalonjeza kunyamula matimati a apongozi kukagulitsa ku Cassacatiza. Titangopakira, kanyali kofiira ka oliyo kanayaka. Vuto linali bomba, kapampu kamene kamakankha oliyo m'motolo, injini ija. Ikaleka ntchito, zitsulo zimadyana zokhazokha ngati abale pa chuma cha masiye.

Ndinaimasula, ndikutsuka kasefa kake. Munatuluka matope okwanira kuzira nyumba. Nditabwezera, kanyali kali chiyakire. Paja bomba youma sikoka. Imafuna uipake mafuta odzola, olimba aja, m'mano mwake kuti iyambe kuyamwa. Uku matimati padzuwa ayamba kulira misozi.

Ndili pansipo ndinaona mapazi, ndikuyesa mkazi wanga.

"Iwe, thamanga ukabe botolo la mafuta la amayi ako! Amadzola mpaka ntchentche zimaterereka pachipumi."

Mapazi anachoka, n'kubweranso. Kunatsika dzanja ndi botolo, koma makwinya a dzanjalo mkazi wanga sanafikepo.

Kwathu mkamwini ndi apongozi sayankhulana maso ndi maso. Choncho iwo anagwada, n'kuyankhula ndi tayala.

"Tayala iwe, uwauze eni ako kuti matimati anga akaola, ntchentche zomwezo zikawapeza."

"Tayala," ndinatero, "uwauze kuti ndamva. Ndiponso chipumi chawo n'chabwino."

Ndinapanikiza mafutawo m'bomba, kumanga, kuliza. Kanyali kanaphethira, thi, kuzima! Galimoto inayimba ngati kwaya, utsi ukununkhira maluwa (mbuzi zina zinatilondola mpaka kumlatho, kafunseni).

Tinafika matimati akadali olimba, ndipo oyendetsa makaminyau, zimagalimoto za katundu zija, anawalimbirana onse. Pobwerera apongozi anagula mabotolo awiri. Limodzi analiika pampando wanga, maso ali kumbali.

"Tayala, ili ndi la galimoto yodwalayi. Langa alisiye."

Mkazi wanga akuti phunziro n'lakuti ndiziyang'anitsitsa mapazi ndisanatsegule pakamwa. Mwina. Koma ndikanapempha botololo mwaulemu, kudzera kwa ankhoswe, matimati aja akanafika ku Cassacatiza ali msuzi.