Mmene Ndinamatira Shawa ya a Nachisale

Anzanga, ine ndayendayenda: Tete, Beira, Joni, paliponse miyezi ingapo basi n'kunyamuka, ndipo luso lililonse ndinaliphunzira pongoonerera. Nditabwerera kuno ku Mwanza mtima unati wakula iwe, khazikika. Maso anagwera pa a Nachisale, mayi wamasiye amene ali ndi kanyumba kogona alendo pafupi ndi malire. Tili ana tinkaba limodzi manachesi m'minda ya eni, masiku amene manachesi ankatsekemeradi, osati a lerowa.

Tsiku lina akudandaula: "Shawa ya chipinda chachitatu ikundinyowetsera khoma. Madzi akulowa kuseri kwa kambale kachitsulo kaja kali pa matailosi."

"Zimenezo?" ndinatero. "Ku Joni ndinkamata zimenezo ndikuyasamula."

Zoona zake n'zakuti ku Joniko ndinkangonyamula chikwama cha pulambala.

Ndinagula silikoni womatira mipata, koma kamfuti kake kofinyira ndinalibe, ndiye ndinabwereka mthiko kukhitchini n'kukankhira kumbuyo kwa chubu. Phu! Theka lonse pa thalauza langa lopitira kutchalitchi. Wotsalayo ndinapaka, kenaka ndinakumbuka kuti bwana wanga uja ankanyambita chala n'kusalaza. Iye ankanyambita kamodzi, chala chili choyera. Ine ndinanyambita kasanu! Pakamwa kuwawasa, ndevu zonse kugwirana ngati za mbuzi yogwera m'phala.

Silikoni anatha mipata ikuonekabe. Dalaivala wina wa thiraki, mlendo wa pompo, anandipatsa guluu womatira redieta, uja wouma ngati mwala, ndipo ndinamata paliponse pamene panali mpata, mpaka kuzungulira chotsegulira madzi. Mpata ndi mpata, si choncho? Pabowo lotulukira madzi ndinatsindirapo jumbo kuti guluu asagweremo, n'kuiwala pompo.

Chimene sindinaganize ndi ichi. Madzi anali atasiya masiku awiri, ndipo monga timachitira tonsefe, a Nachisale anasiya mpopi wa shawayo uli wotsegula, ndowa pansi, kuti akabwera amve. Ndowayo ndinaiona ndithu. Ndinaivundikira n'kukhalira.

Mawa lake masana tili pakhonde, andikazingira nkhuku yothokoza, ine ndakonza kukhosi. "A Nachisale, ine ndili ndi mawu." Pomwepo paipi inatsokomola m'katimo, kenaka waaa! Pasanapite nthawi madzi akutuluka pakhomo atanyamula masilipasi a alendo.

Ndinathamangira kukapotokola chotsegulira, ayi ndithu, nganganga. Ndinabwereka sipanala ya dalaivala uja n'kukoka ndi mphamvu zonse za nkhuku. Chotsegulira, kambale, matailosi atatu ndi chidutswa cha paipi, zonse m'manja mwanga, madzi n'kundiwomba pamphumi!

"Tsekani madzi kunja!" ndinakuwa.

"Kiyi wa bokosi la mita ya madzi ali ndi mlonda," anayankha, "ndipo mlondayo ali kumaliro ku Thambani."

Ndikanatani? Ndinatseka paipi ndi chikhatho n'kuima pompo pamene iwo anapita kukasaka pulambala weniweni. Madalaivala anadzaza pakhomo ngati kanema. Wina wa ku Zobue akuti, "Amigo, poti mwanyowa kale, tikupatseni sopo?"

Atabwera ndi pulambala, a Nachisale anatsamira pachitseko n'kupinda manja. "Munati muli ndi mawu. Nenani tsopano, poti lero simungathawe."

Ndinanena ndithu, anzanga. Dzanja pakhoma, madzi akutsikira m'khwapa, ndinafunsira banja pamaso pa madalaivala onse.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana khoma. "Ndamva, achimwene. Koma ine ndili ndi zipinda zisanu zokha, ndipo chimodzi mwachigwetsa muli mlendo. Mukakhala mwini nyumba, ine ndizikagona kuti?"

Kuyambira tsiku limenelo ndikaona mpata pakhoma ndimaupatsa moni n'kudutsa. Ngakhale envulopu sindimatanso, ndimangoipinda.