Tsiku Limene Ndinakana Kutsika Njinga pa Mikondo

Linali Lachinayi, sabata yachiwiri ya Ogasiti, nthawi itangokwana teni m'mawa, pamene ine mayi wa ana asanu, wovala zakuda za maliro, ndinatsetsereka chitunda cha Mikondo pa liwiro limene ngakhale basi ya ku Chipata siyerekeza. Amene anandiona tsikulo anaona zambiri kuposa zimene ankayenera kuona. Popeza nkhaniyi ikukambidwa kale ku Magodi konse, aliyense akuthirapo mchere wake, bola ndiikambe ndekha.

Amuna anga aTembo anatisiya m'mwezi wa Meyi. Sanasiye zambiri: ng'ombe ziwiri, pulawo, wailesi yosalankhula ndi njinga yakuda. Pa kaliyala wa njinga imeneyo ndinakhalapo zaka makumi awiri ndi zinayi, cham'mbali, maso ali pamsana pawo. Kuchipatala, kokagulitsa mtedza, kuchigayo, konse inkatifikitsa ndi iyo. Kuno ku Magodi ukakhala wopanda njinga thumba limakwera pamutu, ndipo chigayo chili kuseri kwa zitunda ziwiri.

Pogawa katundu, alamu anga aLazalo, mng'ono wa malemu amene anali atangobwerako ku migodi, ankaiyang'ana njingayo ngati mmene nkhuku imayang'anira mphale yoyanika.

"Iyi izachita dzimbili pano," anatero. "Alamu saziwa kuchova. Ibwele kwa ine."

"Anakuuzani ndani kuti siniziwa?" ndinayankha. (Sindinkadziwa. Pakamwa panangothamanga pokha.)

Ankhazi, mlongo wa apongozi anga aamuna, amene mawu awo m'banjamo sabwezedwa, ananunkhiza fodya wawo wa m'mphuno nkugamula. "Mu Ogasiti achove kuchoka pano mpaka kuchigayo, chimanga kumbuyo. Akafika, njinga ni yake. Akalephela, ni ya Lazalo."

Masabata atatu ndinkalawirira ku bwalo la mpira la kusukulu anthu asanatuluke m'nyumba. Mawondo anasupuka onse awiri, ndipo golo imodzi ndinaigwetsa (aphunzitsi mpaka lero amati inali mphepo). Bwalolo ndi lathyathyathya, choncho kuima ndinkaima pokwekweretsa mapazi pansi, kapena pogwa. Njira zonse ziwiri zinkagwira ntchito. Tizitsulo ta mabuleki sindinatikhudze nkamodzi komwe, poopa kumasula zala pa mahandulo.

Tsono ndikuuzeni za Mikondo. Ndi chitunda chachiwiri, chachitali, ndipo msewu wake ndi wa timiyala tokhatokha. Akuluakulu amati pamenepo Angoni, makolo a amuna anga, anamenyana ndi anthu amene anamanga linga pamwamba. Olima m'mbali mwake amafukulabe nsonga za mikondo. Ine kwathu ndi ku Mphamba, kwa zidzukulu za anthu a linga aja, ndiye aTembo ankakonda kundiputa. "Makolo ako anatsika apa osayang'ana kumbuyo," ankatero.

Koma tikafika pamwamba, pamene pali mulu wa miyala, nthabwala zinkatha. Ankaima, nkuvula chipewa.

"Tsika, amake Tiwonge. Apa panagona amuna. Sapitapo munthu ali pa chishalo."

Tinkaponya mwala aliyense pamuluwo, nkukankha njinga mpaka kumunsi. Mvula kaya dzuwa, ngakhale ndili ndi pakati potopa, zinali zomwezo. Apaulendo ena nawonso ankaponya yawo. Ndinkanyadira kuti ndinakwatiwa ndi munthu wolemekeza akufa. Chimene ndinkawadzudzula ndi nsapato yawo yakumanja, imene inkabooka kunsi miyezi itatu iliyonse yakumanzere ikadali yatsopano. "Kodi mumayenda na mwendo umozi?" ndinkafunsa. Iwo ankangoseka.

Lachinayi lija ndinamanga thumba la tini imodzi ya chimanga pa kaliyala nkunyamuka. Ankhazi ndi aLazalo ankanditsata pa ngolo. Chitunda choyamba ndi chaching'ono, chimatsikira mumchenga umene umaimitsa njinga wokha. Mikondo ndinaikwera choimirira, chifuwa chikulira ngati mvukuto, koma ndinafika. Pa mulu paja ndinaponda pansi, nkutola mwala, ndikuti nditsike monga mwa masiku onse.

"Mwaona ankhazi!" anakuwa aLazalo ali pa ngolo. "Atsika! Tinapangana kuchova, osati kukankha. Kukankha ngakhale mbuzi ingakankhe!"

"Ni mwambo, alamu."

"Mwambo ni mwala. Ponyani mwala, muchove."

Ndinaona ankhazi akukweza dzanja ngati akufuna kunena kanthu, koma fodya anawatsamwitsa, nkuyamba kuyetsemula. Ine magazi anali atatentha kale. Ndinaponya mwala, nkunong'oneza akufa kuti, "Pepani eni malo, lelo nili na mlandu." Kenako ndinabweza phazi pa pedulo.

Poyamba zinali zokoma, ndisaname. Kamphepo kumaso, miyendo ikupuma. Ndinafika poganiza kuti aTembo anandimana zabwino zaka zonsezi. Liwiro litayamba kukula ndinati lero ndiye tsiku la tizitsulo tija. Ndinafinya kakumanja. Kanangofika pa handulo, phee, ngati ndafinya tsamba la dzungu lowiritsa. Ndinafinya kakumanzere. Chimodzimodzi. Ndinaliza belu. Belu yekha ndi amene ankagwira ntchito pa njinga imeneyo.

Timiyala tinayamba kuthetheka m'matayala. Mabampu anandigwedeza mano mpaka Atate Wathu ankatuluka zidutswazidutswa, theka m'Chinyanja, theka m'Chitumbuka. Thumba linabooka, chimanga nkumatayika mumsewu. Duku linapita loyamba. Kenako mfundo ya chitenje chakuda inamasuka, chitenjecho nkuuluka kukakola pa mtengo wa minga ngati mbendera. Ndinatsala ndi bulauzi wakuda ndi petikoti yofiira imene aTembo anandigulira ku boma. (Namfedwa savala zofiira, ndikudziwa. Koma zam'kati ndinkati nzanga ndekha.)

Pakati pa chitunda ndinakumana ndi mkulu wa mpingo wathu akukwera wapansi, Baibulo kukhwapa. Munthu waulemu, anavula chipewa.

"Monile ma..."

Mawu otsalawo anawamalizira fumbi.

Kumunsi ng'ombe zinkawoloka msewu. Ndinatsinzina nkukuwa dzina la amuna anga. Mmene zinapatukira sindikudziwa, koma mchira wa imodzi unandikwapula patsaya. Nditatsegula maso ndinaona chigayo chikubwera chothamanga, amayi ali pamzere ndi matumba awo. Mulungu yekha ndiye anakhotetsa handulo. Njinga inagunda chitsa nkuima, ine osaima. Ndinakalowa chamutu mu mulu wa gaga kuseri kwa chigayo.

Nditavuuka ndinali mbuu, kuyambira tsitsi mpaka kuphazi. Mayi wina anataya lichero. "Chiuta wane! Mizimu ya pa Mikondo yatsika!" Atatu anathawira m'munda wa chinangwa. Amene anandizindikira ndi aMtonga, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi chigayo. Kunena zoona anazindikira njinga, osati ine. Akazi awo anandifunditsa chitenje, iwo akuzunguza gudumu lopindika.

"Mama, mwatsika Mikondo muli pamwamba pa iyi?"

"Mabuleki akana," ndinatero ndikulavula gaga.

"Akana? Mulibe! Mphila zake zinatha aTembo asanakutengeni. Nikawauza aTembo, amati nizabwela mawa. Buleki yawo inali nsapato, kuponda tayala ya kutsogolo."

Nsapato yakumanja ija. Ndinakhala pansi.

Nthawi imeneyo ngolo inafika, aLazalo atanyamula duku ndi chitenje changa pa kamtengo, nkhuku za m'midzi itatu zikutola chimanga m'mbuyo mwawo.

"Nanga zotsika pa mulu paja?" ndinafunsa aMtonga.

"Nkhondo inaliko, iyo ni zoona. Koma ine n'nakulila kuno, mulu kunalibe. Anayamba ni amuna anu chaka chimene anakutengani. Akakhala okha amatsika chokwela, nsapato kufuka utsi. Koma anati, na mkazi wanga kumbuyo siningayese. Kuti akuuzeni kuti njinga ilibe mabuleki, manyazi. Anthu poona aTembo aponya mwala, nawo anayamba."

"Ah! Na ine naponyapo lelo!" anatero aLazalo. "Navula na chisote!"

"Ine n'naziwa kale," anatero ankhazi akupukuta mphuno. "N'nangokhala chete chifukwa miyala inayamba kuchepa mumsewu, ngolo zimayenda bwino. Paja nenze kufuna kukuchenjeza, mwana wanga, fodya ananigwila."

Ndinafuna kukwiya, koma womukwiyira anali kumanda. Zaka makumi awiri ndi zinayi ndikuyenda wapansi ndi nkhope yachisoni, kulemekeza mphira za mabuleki! Ndinayamba kuseka, koyamba chiikireni maliro, mpaka misozi inalemba mizere mu gaga wa kumaso. Ina mwa misoziyo sinali ya kuseka, koma palibe anafunsa.

ALazalo anayesabe. "Koma ankhazi, uku si kufika. Agwa. Chimanga chatayika. Na zovala..."

"N'nati akafike kuchigayo," anadula ankhazi. "Sin'nati akafike atavala. Apa ni pati?"

"Pa chigayo."

"Basi. Njinga ni yake."

Makolo anga akanandiona akanadziwa kuti magazi sanama, pakuti nanenso ndinatsika Mikondo osayang'ana kumbuyo. Mkulu wa mpingo uja mpaka lero akandipatsa moni amayang'ana kumwamba. Ndinaphunzira kufinya mabuleki ndisananyamuke. Kusunga pakamwa alamu akandiputa, chimenecho sindinaphunzirebe.

AMtonga anawongola gudumu nkuika mphira zatsopano, ndipo njinga imaima ndikangokhudza tizitsulo tija. Lachinayi lililonse ndimapita kuchigayo. Ndikafika pamwamba pa Mikondo ndimatsika, ndimaponya mwala pa mulu wa aTembo, nkukankha njinga mpaka kumunsi.