Mlungu Umene Ndinakana Kutayipa Dzina la Wongani

Lolemba

Ukwati wa mkulu wanga Tamara ndi Loweruka lino. Timabuku ta ndondomeko ndikusindikiza ine, pa kompyuta ya mu ofesi ya mpingo kuno ku Bolero. Ndadzipereka ndekha, palibe wandikakamiza.

Vuto ndi limodzi. Linux, imene imayendetsa kompyutayi, anaikamo ndi msuweni wanga Wongani asanasamukire ku Mzuzu, ndipo kuti pulinta itulutse timabukuto uyenera kutayipa /home/ofesi/wongani/sindikiza. Dzina lakelo, nthawi iliyonse! Munthu amene pa Khirisimasi ananena pamaso pa abale onse kuti, “Iwe za kompyuta umangodziwa kupukuta fumbi.”

Ndawerenga pa foni za PATH, mzere wa mafoda amene kompyuta imafufuzamo ukaipatsa lamulo. Foda yakeyo ikalowamo, ndizingotayipa sindikiza. Ndikutsegula .bashrc, fayilo imene imawerengedwa ukatsegula windo la malamulo. Pansi penipeni ndikulemba:

PATH=/home/ofesi/wongani

Kwatha! Dzina limenelo sindidzalilembanso.

Lachiwiri

Windo latsopano. Ndikutayipa sindikiza. Chosindikizacho chikudzuka, chikufera pomwepo. Ndikuyesa ls, lamulo loonetsa mafayilo: “command not found”. Ndikuyesa nano, imene ndinalembera dzulo: chimodzimodzi. Kompyuta yaiwala ana ake onse, yangokumbukira Wongani!

Koma windo la dzulo, limene ndinalisiya lotsegula, likugwira bwinobwino. Ndiye kuti ndinalakwitsa fayilo basi. Mzere womwe uja ndikuulembanso mu .profile, imene imawerengedwa munthu akamalowa. Mankhwala akakana, ine ndimawonjezera.

Amama: “Ungomuimbira Wongani.” Ayi.

Lachitatu

Windo lakale ndikulisamala ngati wodwala wa kuchipatala. Ndamata pepala: CHONDE MUSAZIMITSE.

Masana ndikupita kwa telala kukayesa diresi. Pobwera, kompyuta yazimitsidwa, yavundikiridwa ndi nsalu yoyera, pamwamba pali maluwa a pulasitiki. Ndinaiwala kuti Lachitatu amayi a mpingo amapempherera mu ofesimu. Amayi busa: “Imalira chomene, mwana wanga, phokoso lokhalokha, amen sitimamvana.” Pepala langa alipinda mwaulemu, aliika pansi pa Baibulo.

Ndanena kuti, “Yewo, amama.” Ndathokoza! Pa chiyani?

Lachinayi

Ndikulemba pasiwedi. Sikilini ikuda, ikuphethira, ikundibwezera pa pasiwedi pomwepo. Ndondomeko yonse, imene ankhoswe a mbali ziwiri anakanganirana mpaka mawu kusasa, ili m'katimo.

Zimene ndayesa:
kuzimitsa ndi kuyatsa
kuuzira m'kiyibodi
kuimenya pambali, pang'ono
kuimenya, osati pang'ono
nambala ya Wongani, kuiyang'ana kokha

Tamara pa foni: “Timabuku tatuluka?” Ine: “Tikuuma inki.” Bodza la mwana wa mkulu wa mpingo.

Lachisanu

Wongani wafika, suti ili m'pulasitiki, mutu wameta ngati mkwati ndi iye. “Msuweni, makina akuyenda?”

“Akuthamanga.”

Pakamwa apa! Anali pompano, manja ali m'thumba, wopanda chochita. Ndikanangoloza ofesi.

Ndondomeko ndikuilemba pamanja, kuchokera m'mutu, kenako kumsika kukachita fotokope. Yatuluka ngati mayeso a Fomu 2, koma ilipo.

Loweruka

Kutchalitchi zayenda. Ku holo woyendetsa mwambo akutsatira pepala langa mzere ndi mzere. Olankhula onse alankhula, kupatula mmodzi: ankhazi a mkwati, azakhali ake amene anamulera. Achoka ku Mlowe ndi dengu la usipa, mawu awo atakonza kalekale. Sindinawalembe.

Adikira, chikwama pamiyendo. Nyimbo ya perekaniperekani itangoyamba, anyamuka, atuluka. A ku Mlowe onse pambuyo pawo. Dengu nalo labwerera!

Tamara akundiyang'ana. Sakuphethira.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi ndikumukoka Wongani malaya. Mu ofesi akukanikiza mabatani, pakubwera sikilini yakuda, akutayipa /usr/bin/nano, njira yonse. “Mafoda ena onse unawataya. Ukanangowonjezera :$PATH kumapetoko.”

Tizilembo tokwana pa chikhadabo.

Sakuseka. Akuti, “Nanenso ndinachitapo.” Bola akanaseka, ndikanakhala ndi pogwira.

Tayesa kabuku kamodzi. Katuluka kokongola, kopinda pakati. Dzina la ankhazi lili pamwamba pa olankhula onse.

Mawa adada ndi ankhoswe akutsikira ku Mlowe kukapepesa. Tamara foni yanga sakuyankha. Amama akuti, “Msiye, mtima utsika msanga.” Sutsika, amama. Tinayamwa bere limodzi, ndipo ine za Khirisimasi ndikuzisungabe.