Tsiku Limene Magetsi Anayenda Chambuyo ku Lufita

Amene akuti ndikunama anyamuke akafunse ku Lufita, anthu ake akadali moyo.

Ndinali dalaivala wa lole, atanditumiza ku Chitipa kuchokera kwathu ku Dedza, masiku aja munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Mwana wanga wamkazi Tiyamike anali atalemba mayeso, ndipo maina a osankhidwa kupita ku sekondale ankati awawerenga pa wailesi Lachisanu masana. Koma jenereta yomwe inkatipatsa magetsi inali itafa sabata yathunthu, mabatire a wailesi m'sitolo mulibe, mwana osadya, amayi ake osandilankhula, ngati jeneretayo ndinaipha ndine.

Ndinamasula batire la lole, chinthu chonyamula amuna awiri, ine dzanja limodzi, linalo ndikudya nthochi. Ndinatsegula mazenera chifukwa batire limatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka, ndinawalanda fodya a Silungwe, aneba athu amene anabwera kudzamvera nawo, ndinaika fyuzi, ndinalumikiza wailesi ndi babu limodzi loyesera. Zonse mwadongosolo. Mukumva?

Kungogunditsa waya womaliza, babu lija m'malo mowala linayamba kumwa kuwala, linamwa kwa m'nyumba, linamwa kwa pakhonde, linakoka dzuwa la pabwalo ngati munthu akupsontha phala, mpaka nkhuku zinalowa m'khola nthawi ya nkhomaliro, ng'ombe zinabwerera zokha kuchokera kudambo, lole yopanda batire ija inayamba kuyenda chambuyo kulowera ku Wenya, ndipo a Silungwe anaimirira n'kutsanzika kuti, "Yewo, mugone makora." Ine ndili chiimire, sipanala m'manja, osadziwa ngati ndithamangire lole kapena dzuwa.

Choopsa chinali wailesi. Inasiya kulankhula, inayamba kumvetsera. Amayi a Tiyamike atatsokomola tinamva wowerenga maina uja, ali kumwera kutali uko, akufunsa kuti, "Kodi akutsokomola ku Chitipako ndani?" Inu ana a lero simungamvetse. Aliyense anayamba kuwerenga mumtima zimene wayankhula chiyambire m'mawa, ndipo a Silungwe, amene anali atangotha kunyoza msewu wa ku Karonga, anagwada pafupi ndi wailesi n'kuyamba kuutamanda kuti ndi wosalala ngati galasi.

Ndinapapasa mumdimamo, ndinasinthanitsa mawaya. Kuwala konse kuja kunatuluka nthawi imodzi, zovala za pachingwe zinauma, mazira anaswa, lole inabwerera yokha n'kuima pamalo pake, ndipo wailesi inalavula maina onse amene inawasunga kukhosi. La Tiyamike linamveka katatu. Ndikulumbira, mwana uja analira, kenako anapempha chakudya.

Amayi ake akamafotokoza amati fyuzi inapsa pomwepo, wailesi sinatulutse ngakhale liwu, mdima unali wa mvula, ndipo dzinalo anadzatiuza ndi ahedi atakwera njinga. Ahediwo ndikuwakumbukiradi, ananyowa, ndiye mwina mvula inagwa. Fyuzi nayonso inapsadi, n'chifukwa chake wailesi ija ikadalipo. Ndiye sindikudziwa kuti dzinalo ndinalimvera kuti, koma ndinalimva.

Inu mukafuna kuchita zimenezi, waya wofiira umapita pa chizindikiro cha pulasi pa batire. Amatero anthu. Ine maso angawa chibadwire sasiyanitsa bwino chofiira ndi chakuda, ndipo ndinayendetsa lole mpaka kupuma ntchito osauza munthu.