Ngongole ya Mpweya

Lolemba, 9 Junho

Alipo: ine, mpando wanga wa pansi pa pichesi, mbuzi yomangirira. Amake Tereza ali kukhitchini, sakuwerengedwa.

Miyezi itatu chindiuzireni anamwino kuti magazi anga akuthamanga, tensawo m'kanenedwe kawo. Mankhwala awo: m'mawa uliwonse kukhala chete, kutsinzina, kukoka mpweya pang'onopang'ono kakhumi, uku ndikuwerenga. Zakhala zikugwira bwino. Mtima umakhala pansi ngati fumbi itavumba mvula.

Lero zakana! Um, dois, três, bwinobwino. Pa cinco ndikuona matumba asanu a kachewere amene ndinagulitsa motchipa mu Abril. Pa sete ndili kale pa mtengo wa feteleza, mtima phaphapha.

Loweruka akandiyezanso. Ananeneratu: ikapezeka yokwera, mchere basi. Nyemba zopanda mchere ine ayi.

Ndalekeza pa 7. Ngongole: mpweya 3.

Lachiwiri, 10 Junho

Ndaipeza nthenda. Manambala achipwitikizi ndi a pamsika. Ukangoti cinco, pakamwa pamadikira kuti metikali, ndalama yathu ija. Ndiye lero ndiwerenga m'Chichewa, chimene sindinagulirepo kanthu.

Modzi, wiri, tatu, nayi, sanu. Mtendere! Kenaka: sanu ndi modzi. Iyi ndi samu kale! Ndikuphatikiza, mpweya uli m'chifuwa ukudikira yankho. Ndatsamwa, mbuzi yadzidzimuka.

Makolo athu sankafika khumi ali chitsinzinire, zaoneka.

Ngongole: 3 ndi 5, yakwana 8. Sindigonja.

Lachitatu, 11 Junho

Njira yatsopano, yopanda pakamwa. Nyemba khumi pabondo lakumanja. Mpweya umodzi, nyemba imodzi ipite kumanzere.

Zikuyenda. Yachisanu ndi chimodzi yawoloka. Ndikupapasa pabondo: palibe kanthu. Ndikutsegula diso: nkhuku yakuda ikumeza.

Funso: nyemba zinayi zodyedwa ndi nkhuku, mpweya wake wapumidwa kapena ayi? Ndaganiza mpaka dzuwa kufika pamutu. Ayi.

Amake Tereza: "Anthu amapuma ulere, bambo. Inu mwayikapo sikelo."

Ngongole: 12.

Lachinayi, 12 Junho

Alangizi achuluka, sindinaitane ngakhale mmodzi.

Akatekisi: "Muzingopemphera, kumwamba sawerenga." Nanga tsitsi la m'mutu mwathu analiwerenga ndani?

Tereza, pafoni kuchokera ku Furancungo: "Papa, muyike nyimbo za madzi oyenda." Madzi oyenda ndili nawo kudimba, ndipo amandikumbutsa ngalande yogumuka.

Alamu anga a Zakariya, amene anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo: "Alamu, werengani m'Chingerezi, mulibe nacho mlandu."

Ndikuyesa cha alamu. Wani, thuu, fili. Pa fili ndikupezeka ndikusintha makwacha kukhala metikali. Tsopano ndalama ziwiri m'mutu umodzi!

Ngongole: 19. Alamu asadzabwerenso m'mawa.

Lachisanu, 13 Junho

Mawa ndi sikelo. Sindipita kwa anamwino ndi ngongole. 19 wakale, 10 walero, 29. Ndibweza wonse pakamodzi.

Ndikukoka mofulumira ngati mvukuto. Pa vinte pichesi ukuzungulira. Pa vinte e um ndili pansi, mpando uli pamwamba panga.

Amake Tereza akukuwa: "Anthuni, agwa! Tensawo ija!" Mudzi wonse wafika. Wina wandithira ndowa ya madzi, kuzizira kwa Junho kuno ku Ntengo-Wambalame! Alamu akundikupiza ndi lichero, akuti: "Pumani, alamu, pumani." Ndiye ndimatani?

Mpweya 21 uja sindiuwerengera. Wothamanga chotero ndi ndalama yachinyengo. Ngongole ikhale 29. Mabulangete awiri, ndikunjenjemerabe.

Loweruka, 14 Junho

Alipo: ine, amake Tereza, anamwino, ndi anthu pamzere amene makutu awo ndi aatali.

Njinga yamoto, mabampu njira yonse, kenaka lamba pamkono. Akupopa. Akuyang'ana. Akupopanso. Yakwera.

Ndikufotokoza mwaulemu za cinco, za nkhuku, za 29. Anamwino akuseka mpaka kugwira tebulo.

"Abambo, kuwerengako kunali kongokuthandizani kuti maganizo asathawe. Ngati kwasanduka msika, kusiyeni. Muzingomva mpweya ukulowa, ukutuluka. Ngongoleyo ndakhululuka."

Akhululuka bwanji ngongole yosakhala yawo?

Mchere: wachotsedwa mpaka mwezi wamawa, akadzandiyezanso. Amake Tereza akugwedeza mutu mokondwa kwambiri, sindinakonde. Pobwerera akhala kumbuyo kwanga, akuimba.

Lero sindinakhale pampando n'komwe. 39.

Lamulungu, 15 Junho

Alipo: ine, mpando, mbuzi. Nkhuku yakuda ili m'khola, pachilango.

Chitini cha mchere chasowa pashelefu. Ndayang'ana mwakachetechete m'malo anayi. Amake Tereza, osatembenuka: "Chili kwa alamu anu." Nyemba zamasana zikukoma ngati madzi otsukira mbale. Ndadya zonse, kuti asaone ngati andigonjetsa.

Tisanapite kutchalitchi ndayesa za anamwino. Kukhala, kutsinzina, osawerenga. Mpweya wozizira m'mphuno, wofunda potuluka. Mbuzi ikubzikula. Kachewere sanabwere, feteleza sanabwere. Ndatsegula maso dzuwa litafika pamapazi, mtima uli zii.

Chabwino, zagwira. Ndivomera, koma pano pokha, anamwino asamve.

Vuto ndi ili: sindikudziwa kuti ndapuma kangati. Chosawerengedwa sindingachilembe kuti chabwezedwa. Mawanso ndikhala chomwechi, osawerenga, ndipo ndikudziwa kuti izingokwera.

Mchere: masiku 29 kuti ndikauonenso, ngati sikelo ilola.

Ngongole yotsala: mpweya 49.