A Haswell ndi Akufa a ku Kelifodi

Ku Mphamba kuno banja lililonse lili ndi akufa ake, koma malemu a Haswell anali ndi tauni yathunthu ya akufa, onsewo azungu. Tauniyo dzina lake Kelifodi, kwinakwake ku Mangalande. Kufikako sanafikeko. Ulendo wawo wautali zedi unali wa ku Chipata pa minibasi, ndipo anasanza njira yonse. Koma mukanawafunsa amene anamanga mlatho wa ku Kelifodi, akanakuuzani dzina lake, nthenda imene inamutenga, ndi chifukwa chimene mkazi wake anakanira kulira.

Nzeru zamtengo wapatalizi anazitola ali mnyamata, akusita malaya a mzungu wina wa fodya, bwana Conrad, amene ankapukwa kwawo mpaka kumafotokozera wantchito mbiri ya anansi ake. Bwanayo anabwerera kalekale. Akufa ake anawaiwala kuno, a Haswell n'kumawaweta ngati ng'ombe.

Kodyetsera kwake kunali pamaliro. Ikafika nthawi ya mbiri ya malemu palibe ankawaitana, koma munkangoona jekete lakuda lija laimirira.

"Uyu tagoneka lelo anali woleza mtima," ankayamba motero, "monga Tomasi wogulitsa nyama ku Kelifodi, amene sikelo yake..."

"Kansi tikuika Tomasi?" ankanong'ona azimayi, namfedwa naye n'kumabisa mano m'chitenje.

Chaka cha ng'amba, anthu akudandaula padilawo kuti chimanga chapsa, a Haswell anabwera kudzawatonthoza.

"Mukulilila mvula? Simuidziwa mvula imwe. Ku Kelifodi mtsinje unasefukila, unanyamula nkhumba za Wilisoni mpaka m'chalichi."

"Zinabatizidwa?" anafunsa a Danwell, mkulu wa mpingo.

"Osaseka, a Danwell. Wilisoni analila chomene."

Ndipo maso awo analengeza misozi ndithu, kulirira nkhumba zimene zinamira agogo a agogo athu asanabadwe, chimanga chawo chikuuma kuseri kwa nyumba.

Amene sankaseka anali mwana wawo, Jemima. Iye ankafuna kanthu kamodzi kokha: kudziwa kwawo kwa bambo ake. Tsiku la malowolo ake, akuchimuna atafunsa za makolo a mkwatibwi, a Haswell anawafotokozera bwino lomwe za belu la ku Kelifodi limene linang'aluka ndi chisanu. Jemima anali kuseri kwa chitseko, manyazi atamugwira mpaka thukuta. Ana ake atakula n'kumafunsa mtundu wa agogo awo, ankangowauza kuti akasewere.

Tsono a Haswell atagonekedwa m'chipatala ku boma, miyendo itatupa, Jemima anaona kuti nthawi yatha. Anawapatsa phala, n'kukhala pamphepete pa bedi.

"Adada, tikanene chiyani pamanda panu? Munabadwila kuti? Atate anu anali ndani?"

"Kunali mayi wina ku Kelifodi, woweta atsekwe..."

"Adada!"

Kwa nthawi yoyamba chiyambire dziko, a Haswell anaisiyira panjira nkhani ya ku Kelifodi. Anayang'ana kudenga, akusisita bulangete.

"Sinidziwa, mama. Ananitola m'chigafa cha fodya nili khanda, wokulungidwa m'saka. Palibe anabwela kuzanifunsa. Anzanga pochula agogo awo, ine nikanachula ndani? A Conrad anali nawo ambili, ongokhala. N'nabweleka."

Jemima anafuna kukwiya, chifukwa mkwiyowo anausunga zaka zambiri, koma sanaupeze. Anangomva chisoni. Anawapukuta phala pachibwano.

A Haswell anamwalira sabata lomwelo. Pamaliro anthu anadza ngati kumsika wa fodya, ena ndithu kudzaona mmene maliro amayendera mwini mbiri atatseka pakamwa. A Danwell, amene anapatsidwa udindo wa mbiriyo, anafika kwa Jemima akukanda m'mutu.

"Mama, za Tomasi nidziwa zonse, koma za aba nilibe. Ninene kuti kwao n'kuti?"

"Nenani kuti n'kuno."

"Nanga makolo?"

"Nenani kuti makolo ndi iwo. Ise tiyambila pamenepa."

Mbiriyo inali yaifupi kuposa ina iliyonse imene Mphamba inamvapo, ndipo palibe anaimirira kuti aionjezere.

Masiku ano maliro athu amayenda mwaulemu, monga tinkapempherera. Amatha dzuwa likadali pamutu, osasokonezedwa ndi mzungu aliyense, ndipo timabwerera kunyumba ndi chisoni chokhachokha, chopanda pogwira. Tikunena zoona, a Haswell tawasowa. Jemima amapita kukalambula pamandapo mvula ikakata, atatenga ana ake, ndipo amawauza kuti atchule dzina la agogo awo mokweza.