Katumbu m'Bwato la Bambo

Lolemba

Reuniyau, msonkhano wa mudzi wonse, pansi pa mtengo wa mango. Abwera a Dona Selina a ku Insaca, a asosiyasau, bungwe losunga mabwato akale. Akuti ntchito zawo ndi ziwiri: kuika mabwato a makolo pa mthunzi, ndi kuletsa anthu kupha akatumbu. Ndaimirira, paja ine sindibisa mawu. Za mabwato ndavomera. Koma katumbu ndi mbava, amandithera nsomba m'mono, ndipo ndanena pamaso pawo.

Kenaka pakamwa pandithawa. Ndalonjeza bwato la malemu bambo. La mbawa lija, lomwe tinaolokera pothawa nkhondo kupita ku Malawi, n'kubwereranso momwemo. Chimwalirire iwo lili chovundikira m'bango kuno ku Amaramba. Likalawa dzinja lina, lawola basi. Loweruka likhale lili m'chisakasa cha asosiyasau!

Zofunika: amuna amphamvu, ngolo, chingwe, zikwanje, mtima wodekha. Chomalizachi ndibwereka.

Lachiwiri

Amuna onse a mudzi uno adwala msana tsiku limodzi. Che Saidi, anzanga oyandikana nawo nyumba, akuti, "Achimwene, bwato silisuntha kukhosi kuli gwa." Ndamva. Mayi a kunyumba akuphika thobwa, akung'ung'udza.

Mono wanga: mitu ya milamba yokhayokha. Chigawenga chija chadutsanso. Ndikadzachigwira!

Lachitatu

Ng'ombe ya mwini ngolo ikutsimphina. Akuti bwatolo tiligubuduze pa mitengo ngati akale. Chabwino.

Amuna aja misana yapola. Abwera onse "kudzakambirana dongosolo". Akambirana mpaka mtsuko waonekera pansi. Bwato silinaonedwe n'komwe. Ndawauza zoona zawo mmodzimmodzi, iwo akungoseka, akuti ukali ndatengera bambo. Bodza! Bambo anali aukali. Ine ndimangolongosola.

Lachinayi

Tafika m'bango, tikutema njira. Bwato lilipo, lakuda bii, msana ukadali wolimba. Chizindikiro chomwe bambo anaotcha ndi msomali kumphuno kwake chikuonekabe. Ndachisisita ndi chala, ndikunamizira kuchotsa thope.

Koma fungo la nsomba! Ndipo pansi pakulira tswii, tswii. Che Saidi agwada, asuzumira, adzuka akugwira nthiti. "Muli ndi alendo, achimwene. Mayi ndi makanda awiri."

Katumbu! M'bwato la bambo anga! Minga ya milamba yanga ili mbwee pakhomo pake ngati wachita ukwati. Ndatola mtengo. Mayiyo watulutsa mutu, ndevu zili njo, wandifwenthera. Ndabwerera chambuyo, ndakhala m'thope mpaka m'chiuno. Tiana tasuzumira kuti tione. Timaso ngati mikanda. Tonyansa. Chabwino, osati kwenikweni.

Palibe wafuna kunyamula.

Lachisanu

Anzanga ali ku mzikiti. Ine pa njinga, kukasaka a Dona Selina kuti aweruze. Ndimayesa akwiya nane limodzi. Aomba m'manja! "Mai! Musalikhudze, bambo. Mpaka ana akule." Ndafunsa: nanga akamakula si mvula yagwa, dambo ladzaza, bwato lamira? Akuti n'zoona. Ndafunsa: asosiyasau yanuyi, mutu ndi bwato kapena katumbu? Akuti zonse. Zonse! Munthu angapalase mabwato awiri?

Ndalankhula kwambiri. Amvetsera mwaulemu, kenaka andipatsa kamizeta, malaya opanda mabatani aja. Pachifuwa pajambulidwa katumbu, akumwetulira.

Nsalu yake ndi yabwino, zimenezo sindikana.

Loweruka

Tsiku lopereka. Ena abweretsa mabwato awo, awiri okongola, lina longa mtondo wosweka. Ine ndabweretsa nkhafi ya bambo. Nkhafi yokha! Aipachika pamwamba, anthu aomba m'manja, ine ndikuyang'ana zala zakumiyendo.

Mudzi wonse wadziwa. Amayi ogulitsa nsomba za makumba: "A malume ake a katumbu, adzukulu agona bwanji?" Che Saidi akuti ndikalembetse tianato ku eskola, tikaphunzire.

Pobwerera ndapeza mkulu wina akulowa m'bango ndi agalu, akuti chikopa cha katumbu chimagulika. Sindikudziwa chandigwira. Ndamuthamangitsa mpaka kumsewu, nditavala kamizeta ija, ndikukuwa kuti bwatolo ndi la kwathu ndipo zonse zili pansi pake ndi za kwathu. Anthu aona. Zatha, m'mudzi muno sindidzadzutsanso mutu.

Lamulungu

Mitambo yadetsa cha ku Chiuta. Mphepo ikununkhira mvula.

Titaweruka ku tchalitchi ndatenga lona yofunditsira chimanga, mayi a kunyumba akuona. Ndafunditsa msana wa bwato, ndatsindira ndi miyala, mwakachetechete ngati wakuba pa katundu wanga yemwe. Sizithandiza kwenikweni. Madzi akabwera abwera.

Ndakhala pa chulu. Ndakumbuka tsiku lothawa lija: bwato litadzaza kale, mayi wina wosamudziwa ataima m'madzi, mwana kumsana. Bambo anatukwana, anatukwana, kenaka anataya thumba la chinangwa kuti iye akwere. Wa ana sanatsitsidwepo m'bwato limeneli. Ndiyambe ine?

Likatsala, tidzalinyamula chilimwe. Likapanda kutsala, nkhafi ilipo.

Mono ndautchera pafupi ndi bango. Woyamwitsa asamayende mtunda wautali. Koma ndi mbava ndithu, zimenezo sindisintha.